TSEGULANI KHOMO, MUSAGWETSE MPANDA: ZA MAGEMU A PA INTANETI

 Nkhani imene ndabwera nayo si ya mpira wa miyendo kapena ya mayeso ai, koma ya chinthu chimene chidandichititsa manyazi pa tchuthi cha Pasaka chapitachi. Akulu adati safunsa adadya phula. Ine phulalo ndidalidya, ndipo ndalemba izi kuti anzanga okonda magemu a pa intaneti asadzalidyenso.

Zimene zidachitika kwathu

Kwathu ndi ku Kasungu, m'dera la fodya, kamtunda ndithu kuchokera ku msika wa Chinkhoma. Amalume anga ndi mlembi wa kalabu ya alimi a fodya wa burley. Ali ndi laputopu imodzi imene amasungamo maina a alimi, ngongole za feteleza, kulemera kwa mabelo ndi ndalama zimene aliyense ayenera kulandira fodya akagulitsidwa. Alinso ndi karauta kolowa simu khadi, kamene kamagawa intaneti m'nyumba monse.

Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adatigulira gemu yotchedwa Minecraft, ine ndi msuweni wanga. M'gemu imeneyi anthu amamanga nyumba, kulima minda ndi kukumba miyala m'dziko limodzi la pa kompyuta, ngakhale wina ali kuno wina ali kutali. Tidagwirizana kuti dzikolo likhale m'laputopu ya amalume, ndipo achimwenewo azilowamo madzulo akaweruka kuntchito. Tidayesa tsiku loyamba, zidakanika. Tsiku lachiwiri, chimodzimodzi. Iwo ankangolandira uthenga wakuti nthawi yodikira yatha, kwathu kuno sikukuyankha.

Msuweni wanga adati vuto ndi firewall, choncho tidaizimitsa yonse. Sizidathandize. Kenaka tidapeza pulogalamu yaulere imene inkalonjeza kutsegula njira zonse za magemu, ndipo tidaiika osauza mwini laputopuyo. M'mawa mwake makinawo adayamba kuyenda ngati ngolo yokokedwa ndi ng'ombe imodzi, zithunzi zotsatsa malonda zikungotulukira zokha, ndipo faelo ya kalabu idakana kutseguka. Apo n'kuti msika utangotsegulidwa kumene, alimi akubwera pakhomo kudzafunsa za mabelo awo.

Amalume sadatikalipire kwambiri. Adangoti, "Anyamata inu, mwagwetsa mpanda wa dimba kuti mudutsitse njinga, osaganiza za mbuzi za m'mudzi muno." Adanditenga kupita nane kuboma kwa mkulu wina wokonza makompyuta. Ntchitoyo idatenga masiku awiri ndi ndalama zimene sindidzaziiwala. Mwayi wake amalume adali atasunga faelo ya mwezi wam'mbuyo pa flashi, ndipo zotsalazo adazikopera okha kuchokera m'kope, usiku, kwa sabata yathunthu. Pamene mkulu uja ankakonza, adandijambulira papepala m'mene zinthuzi zimayendera. Zina ndidafunsa aphunzitsi athu a kompyuta titatsegulira sukulu. Ndizo ndikufuna kukugawirani.

Keyala ndi makomo

Chilichonse chimene chimayenda pa intaneti, kaya ndi chithunzi, mau, kapena kusuntha kwa wosewera m'gemu, chimadulidwa m'timagawo ting'onoting'ono totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse imalembedwa kumene ikuchokera ndi kumene ikupita, monga momwe belo la fodya limalembedwera nambala lisanakwere lole. Keyala ya makina imatchedwa IP, ndipo imaoneka motere: 192.168.1.20.

Koma keyala yokha siikwanira, pakuti m'kompyuta imodzi mumakhala mapulogalamu ambiri. Tsono paketi imalembedwanso nambala ya khomo, limene pa Chingerezi amati port. Makomowa si mabowo oti mungawaone kuseri kwa makina, ndi manambala chabe, kuyambira 0 mpaka 65,535. Ena adapatsidwa kale ntchito zake. Masamba a pa intaneti amadzera pa 80 ndi 443. Kompyuta ikafuna kudziwa keyala ya dzina limene mwalemba, imafunsa pa 53. Magemu nawonso ali ndi makomo awo. Minecraft ya pa kompyuta, ya mtundu wa Java, imadikira alendo pa 25565, pamene ya mtundu wa Bedrock, imene imaseweredwa pa foni, imadikira pa 19132. Xbox imagwiritsa ntchito 3074, PlayStation 3478 mpaka 3480, ndipo magemu ambiri a pa Steam amayambira pa 27015.

Palinso njira ziwiri zonyamulira mapaketi. Yoyamba ndi TCP, imene maziko ake adafotokozedwa ndi Vint Cerf ndi Bob Kahn mu 1974. Imeneyi ili ngati kalaliki wa pamsika: amawerenga belo lililonse, ndipo likasowa limodzi amaimitsa mzere mpaka lipezeke. Yachiwiri ndi UDP, imene adailemba David Reed mu 1980. Imeneyi ili ngati muulutsi wa mpira pa wailesi: wailesi ikachita phokoso n'kuphonya mau awiri, iye sabwerera m'mbuyo, amangopitiriza ndi kumene mpira uli tsopano. Masamba ndi makalata amafuna TCP chifukwa chilembo chilichonse n'chofunika. Magemu othamanga monga a mpira ndi a mipikisano ya galimoto amakonda UDP, chifukwa kudziwa pamene mpira udali kale sikuthandiza. Kumbukirani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Kodi firewall n'chiyani?

Dzinali lidachokera kwa amisiri omanga nyumba. Iwo amamanga khoma lolimba pakati pa zipinda kuti moto ukabuka mbali imodzi usaolokere mbali inayo. Ife a ku Kasungu tikudziwa nzeru yomweyo, pakuti chilimwe chikamayandikira timalambula kuzungulira zigafa ndi nkhokwe kuti moto wa anyamata osaka mbewa usafike pa dzinthu zathu. Pa makompyuta, anthu adaona kufunika kwa mpanda wotere makamaka mu November 1988, pamene pulogalamu imene adalemba wophunzira wa pa yunivesite ya Cornell, Robert Morris, idafalikira yokha ndi kusokoneza makompyuta zikwi zingapo ku America.

Firewall tsono ndi mlonda wa pa geti amene ali ndi buku la malamulo. Paketi iliyonse ikafika, iye amaona zinthu zinai: yachokera kuti, ikupita kuti, ikufuna khomo liti, ndipo yabwera pa TCP kapena UDP. Lamulo likalola, imadutsa. Likapanda kulola, imatayidwa, kawirikawiri popanda ngakhale yankho. N'chifukwa chake achimwene ankangodikira mpaka nthawi kutha.

Mlonda ameneyu ali ndi chikumbumtima chabwino. Inu a m'kati mukatumiza funso kunja, iye amalemba m'buku, ndipo yankho likamabwera amalizindikira n'kulilowetsa. Koma mlendo amene wangotulukira osaitanidwa amabwezedwa. Apa ndiye pagona nkhani yonse ya magemu. Kulowa m'gemu ya ena n'kosavuta, chifukwa ndinu amene mwayamba kugogoda kunja. Koma kuitana anzanu kuti alowe m'gemu imene ili m'kompyuta yanu n'kovuta, chifukwa iwowo ndi alendo ochokera kunja amene mlonda sakuwadziwa.

Dziwaninso kuti alondawa ndi angapo. Wina ali m'kompyuta momwemo. Mu Windows, mlonda ameneyu adayamba kukhala woyatsidwa kale kuyambira mu 2004. Wina ali mu rauta ya panyumba kapena ya pasukulu. Winanso ali ku kampani imene imakugulitsani intaneti. Ife tidachotsa mmodzi yekha, ndipo sadali iye amene ankatsekereza achimwene.

Nkhani ya kalabu

Kuti timvetse chimene chidawatsekereza, tiyeni tipite ku msika wa fodya. Alimi ang'onoang'ono ambiri sagulitsa aliyense payekha. Amapanga kalabu, ndipo kalabuyo imalembetsa ku bungwe la Tobacco Commission ndi kulandira nambala imodzi. Kumsika amadziwa nambala ya kalabu basi. Ndalama zikabwera, mlembi ndiye amatsegula kope lake n'kuona kuti belo ili lidali la uje, ili la uje.

Rauta imagwira ntchito yomweyi, ndipo ntchitoyo imatchedwa NAT. Makeyala a IP a mtundu wakale alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ochepa poyerekeza ndi anthu ndi makina a pa dziko lapansi, ndipo nkhokwe yake yaikulu idatha mu February 2011. Pofuna kusinira, mafoni ndi makompyuta a m'nyumba imodzi amapatsidwa makeyala a m'kati okha, oyamba ndi 192.168 kapena 10, ndipo onse amatulukira kunja pa keyala imodzi ya rauta. Rauta imasunga kope losonyeza kuti yankho ili ndi la foni ya mayi, ili ndi la laputopu ya amalume.

Tsono taganizani kuti kwabwera envulopu yolembedwa nambala ya kalabu yokha, yosagwirizana ndi belo lililonse la m'kope. Mlembi aipereka kwa yani? Chimodzimodzi rauta, ikalandira paketi ya mlendo imasowa koipereka, ndipo imaitaya. Mankhwala ake ndi kuiuziratu kuti, "Aliyense wogogoda pa khomo 25565, um'perekeze ku laputopu ya keyala yakuti." Kuchita zimenezi kumatchedwa port forwarding. Ma rauta ambiri alinso ndi njira yotchedwa UPnP, imene imalola gemu kudzitsegulira yokha khomo. Ndi yosavuta, koma kuipa kwake n'kwakuti pulogalamu yoipa nayonso ingathe kudzitsegulira.

Amene mudasewerapo pa Xbox mudaonapo mau akuti Open, Moderate ndi Strict, ndipo pa PlayStation Type 1, 2 ndi 3. Mauwa akungofotokoza kuuma mtima kwa mlembi ameneyu. Osewera awiri amene onse ali pa Strict amavutika kwambiri kukumana.

Kalabu ya makalabu

Mkulu wa kuboma uja atamva nkhani yathu adaseka n'kuti, "Mphwanga, ngakhale mukadatsegula makomo onse a mu rauta, achimwene akowo sakadalowa." Adatsegula tsamba la rauta n'kundionetsa keyala yake yakunja. Idayamba ndi 100.

Chifukwa cha kuchepa kwa makeyala kuja, makampani a intaneti ya pa foni m'maiko ambiri amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa keyala imodzi. Ndiye kuti kalabu yanu ili m'kati mwa kalabu ina yaikulu, ndipo kope la kalabu yaikuluyo lili ku kampani, inu simungalembemo kanthu. Zimenezi zimatchedwa CGNAT, ndipo mu 2012 padapatulidwa makeyala oyambira 100.64 mpaka 100.127 kuti azigwira ntchito imeneyi. Ngakhale Starlink, imene idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imaika makasitomala wamba kuseri kwa CGNAT pa makeyala a mtundu wakalewa. Si nkhanza ai, ndi njira yogawana zinthu zochepa.

Kuti mudziwe ngati muli m'gulu limeneli, yerekezani keyala yakunja imene rauta ikuonetsa ndi imene masamba oonetsa IP akukuuzani. Zikasiyana, dziwani kuti pali geti lina patsogolo panu. Apo musavutike ndi firewall. Njira zoyenera ndi izi: kulowa pa seva ya eni ake a gemu, kubwereka seva ya kunja monga Realms ya Minecraft, kupempha kampani kuti ikugulitseni keyala yanuyanu, kapena kugwiritsa ntchito makeyala atsopano a IPv6 ngati mbali zonse ziwiri zili nawo. Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kudikira alendo usana ndi usiku. Nonse mukapita kukakumana kumeneko, palibe amene akufunika kutsegula khomo la kwao.

Nanga proxy?

M'masukulu, m'maofesi ndi m'malaibulale ambiri muli chinthu china chotchedwa proxy. Tifanizire ndi mnyamata amene amatumidwa kugolosale m'malo mwa ophunzira onse ogonera pasukulu. Inu simutuluka pa geti. Mumalemba zimene mukufuna, iye amapita, amagula, n'kubwera nazo. Akaona kuti mwalemba chinthu choletsedwa amakana, ndipo amasunga mndandanda wa zimene aliyense adam'tuma. Proxy yodziwika kwambiri ndi Squid, imene idatuluka mu 1996 ndipo imalandira zopempha pa khomo 3128.

Mnyamata wotereyu mungam'tume sopo ndi shuga, koma simungam'tume kuti akakumenyereni mpira. Proxy ya masamba imadziwa kunyamula zinthu za pa 80 ndi 443, zoyenda pa TCP. Mapaketi a UDP, aja amene magemu othamanga amakonda, siiwanyamula. Kuonjezera apo, magemu ambiri safunsa n'komwe ngati pali proxy. Amangothamangira ku geti, n'kupeza lili lotseka. N'chifukwa chake pamalo otere mungathe kusewera chess pa tsamba la Lichess, popeza imadzera pa 443 ngati tsamba lina lililonse, koma gemu ya mpira n'kukana. Ulipo mtundu wina wa proxy wotchedwa SOCKS5, wa mu 1996, umene umatha kunyamula UDP, koma ndi magemu ochepa amene amaugwiritsa ntchito, ndipo kuima panjira kulikonse kumachedwetsa ulendo.

Choncho ngati akuluakulu a pamalopo avomera kuti pakhale gemu, chofunika si kusintha proxy, koma kulemba lamulo lapadera mu firewall lolola gemuyo kudutsa pambali pake. Lamulo labwino limatchula makompyuta amene akuloledwa, khomo limene akuloledwa, seva imene akupitako, ndiponso nthawi yake, mwachitsanzo Loweruka masana okha. Makina monga MikroTik ndi pulogalamu monga pfSense amatha kusunga malamulo a nthawi otere.

Kutsegula khomo moyenera

Tiyerekeze kuti muli panyumba, mwini wake walola, ndipo mwatsimikiza kuti simuli kuseri kwa CGNAT. Ndondomeko yake ndi iyi.

Poyamba, funsani pa tsamba la eni ake a gemu kuti khomo lake ndi liti, ndiponso ngati ndi TCP kapena UDP. Musatsatire mndandanda uliwonse umene mwautola panjira.

Chachiwiri, pezani keyala ya m'kati ya kompyuta yanu. Mu Windows mumalemba mau akuti ipconfig pa Command Prompt. Kenaka uzani rauta kuti izipereka keyala yomweyo kwa kompyuta imeneyo masiku onse, chifukwa ikasintha mawa, alendo adzaperekezedwa ku makina olakwika.

Chachitatu, mu Windows Defender Firewall musazimitse kanthu. Pitani pa Inbound Rules, lembani lamulo latsopano la khomo limodzi lokhalo, ndipo lichongeni kuti lizigwira pa netiweki ya Private yokha, osati ya Public. Mukatero, tsiku limene laputopu idzalumikizidwe pa Wi-Fi ya malo ena, khomolo lidzakhala lotseka.

Chachinai, lowani mu rauta. Keyala yake imakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, ndipo kawirikawiri imalembedwa kunsi kwake. Pezani malo olembedwa Port Forwarding kapena Virtual Server, lembani nambala ya khomo, mtundu wake ndi keyala ya kompyuta ija. Pafupi pomwepo mudzaona mau akuti DMZ. Musawakhudze pa kompyuta yosunga zinthu zofunika, pakuti amatanthauza kuperekeza mlendo aliyense, wa pa khomo lililonse, ku makina amenewo.

Chachisanu, yesani ndi mnzanu amene ali pa intaneti ina, osati ya m'nyumba momwemo. Mu Minecraft, yatsani whitelist, ndiwo mndandanda wa maina a anthu okhawo amene mwawaitana.

Potsiriza, masewera akatha kapena tchuthi chikatha, fafanizani lamulolo. Khomo loiwalika ndilo limalowetsa mbala.

Pamene mpanda ulibe mlandu

Nthawi zina gemu imalowa bwinobwino koma wosewera wanu n'kumadumphadumpha, mukamenya mpira iye n'kumenya mochedwa. Ambiri amathamangira kuzimitsa firewall, chonsecho vuto ndi mtunda. Nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwera imatchedwa ping, ndipo imayezedwa m'mamilisekondi. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000.

Tiyeni tichite masamu a Folomu 1. M'thambo la faiba, kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,500 molunjika, ndiye kupita ndi kubwera ndi mamilisekondi 15. Kufika ku London pali pafupifupi 8,000, ndiye mamilisekondi 80. Izitu n'zochepetsetsa, ngati thambo likadayenda molunjika ngati mbalame. Koma dziko lathu lilibe doko la panyanja yaikulu. Mapaketi athu amayenda pamtunda kudzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuti akapeze nthambo za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene idayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Choncho ulendo weniweni ndi wautali kuposa masamu athuwa.

Nkhani yabwino ndi yakuti maseva akuyandikira. Microsoft idatsegula malo ake osungira maseva ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, ndipo Amazon idatsegula ku Cape Town mu 2020. Gemu ikakupatsani mwayi wosankha dera, sankhani South Africa. Lumikizani kompyuta ku rauta ndi thambo ngati n'kotheka, ndipo musasewere pamene wina m'nyumbamo akuonera kanema. Dziwaninso kuti chimene chimatha bandulo kwambiri si kusewera kwenikweniko, koma kutsitsa gemuyo ndi zoonjezera zake.

Mbuzi zimene zili kunja kwa mpanda

Mwina wina akufunsa kuti, "Ndani angalimbane ndi kompyuta ya kumudzi ku Kasungu?" Yankho ndi lakuti amene amagogoda si munthu wokudziwani. Ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa makeyala onse a dziko lapansi usana ndi usiku, kuyesa chitseko chilichonse.

Mu May 2017, pulogalamu yotchedwa WannaCry idalowa m'makompyuta a m'maiko oposa 150 kudzera pa khomo 445. Inkatseka mafaelo ndi kulamula dipo, ndipo zipatala zina za ku Britain zidabweza odwala. Mu 2016, anyamata atatu a ku America adapanga Mirai, pulogalamu imene inkalanda ma rauta ndi makamera amene eni ake sadasinthe pasiwedi ya ku fakitale. China chimene chidawakopa ndi ndalama za mpikisano wa maseva a Minecraft, ndipo adavomera mlandu m'khoti mu December 2017. Mu December 2021 kudapezeka chilema m'kachigawo ka pulogalamu kotchedwa Log4j, moti munthu ankatha kulanda seva ya Minecraft pongolemba mau ena m'malo ochezera a m'gemumo. Amene adafulumira kuika zokonza zatsopano adapulumuka.

Maphunziro ake ndi atatu: sinthani pasiwedi ya rauta, musakane zokonza zatsopano, ndipo musaike pulogalamu yaulere yosadziwika yolonjeza kukudutsitsani pa mpanda. Proxy kapena VPN yotola imatanthauza kupereka makalata anu onse m'manja mwa mlendo. Kumbukiraninso kuti dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kulowa kapena kusokoneza makina a ena popanda chilolezo.

Mau otsiriza

Kwa anzanga aseminale ndikuti: mpanda umene mwaupeza, kaya kunyumba kaya pasukulu, udaikidwa ndi munthu amene akusunga chinthu kuseri kwake. Kwa amalume adali malipiro a alimi amene adavutika chaka chathunthu kuyambira ku nazale mpaka ku jeke. Pasukulu angakhale mayeso ndi mabuku a ndalama za fizi. Mukafuna khomo, pitani kwa mwini mpanda mutadziwa kale nambala yake, nthawi yake ndi chifukwa chake. Akakana, pali njira ina yosafuna intaneti n'komwe: makompyuta angapo olumikizidwa pa rauta imodzi amatha kusewera pamodzi popanda bandulo, ndipo ping yake imakhala yochepa kuposa ina iliyonse.

Kwa abambo ansembe ndi aphunzitsi athu, pempho langa mwaulemu ndi lakuti mnyamata akafunsa za zinthuzi mum'fotokozere. Wofunsa poyera ndi wosavuta kum'tsogolera kusiyana ndi woyesa mobisa, ndipo manambala omwewa ndi amene akatswiri osamalira makina a m'mabanki ndi m'zipatala amagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku.

Kwa makolo athu ndikuti: simuyenera kudziwa manambala onsewa. Funsani mafunso atatu okha: watsegula khomo liti, akulowa ndani, ndipo udzatseka liti? Mwana amene sangayankhe, asakhudze rauta. Ngati n'kotheka, makina osungira za ndalama asakhale oseweretsa, ndipo mafaelo ofunika azikhalanso pa flashi ndi m'kope.

Mwina mukufuna kudziwa ngati tidasewera ndi achimwene aja. Inde tidasewera, sabata yotsiriza ya tchuthi. Iwo adabwereka seva, ife tidalowa kuchokera kuno pa kompyuta yakale ya msuweni wanga, firewall ili chiyakire, osatsegula khomo ngakhale limodzi. Laputopu ya amalume sitidaikhudzenso, ndipo ngongole ya kwa wokonza uja ndidaibweza posankha fodya m'chigafa masiku asanu.